Mmene mungapezere chimene chikupanikiza antchito anu ndi kuchikonza

Funso limene mabwana ndi oyang'anira antchito amabwera nalo kawirikawiri ndi lakuti: "Anthu athu atopa, ena akujomba, ena akusiya ntchito. Tiitane ndani adzawaphunzitse kupirira?" Musathamangire kuitana mphunzitsi. Kafukufuku wa zaka zoposa 40 akusonyeza kuti nthawi zambiri gwero la vuto limakhala mu ntchito yeniyeniyo: kuchuluka kwake, mmene imagawidwira, ndi mmene anthu amalamulidwira. Mukaphunzitsa munthu kupuma mozama n'kumubweza pa desiki yomwe ija yokhala ndi ntchito ya anthu atatu, mwatunga madzi ndi dengu.

Tiyambe tamvana pa mawu. Kutanganidwa si kupanikizika. Munthu akhoza kutanganidwa tsiku lonse n'kuweruka ali wokondwa. Kupanikizika kumabwera pamene zimene ntchito ikufuna zaposa nthawi, zipangizo, luso kapena mphamvu zimene munthu ali nazo, ndipo zikukhala choncho kwa miyezi. Kutoperatu, kumene akatswiri amakutcha burnout, ndi kumene kumatsatira: mphamvu zimatha, mtima umachoka pa ntchito mpaka munthu sasamalanso, ndipo amadziona kuti palibe chimene akukwanitsa. Mu 2019 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, linafotokoza kuti kutoperatu ndi vuto lochokera ku ntchito, si matenda paokha. Nkhawa yosatha ndi matenda ovutika maganizo ndi nkhani ina, yofunika achipatala.

1. Tengani lonjezo kwa akuluakulu musanafunse aliyense funso

Walira mvula walira matope. Mukafunsa antchito chimene chikuwavuta, adzakuuzani, ndipo zina zidzakhudza anthu amene amasaina malipiro anu. Choncho mkulu wa bungwe alembe zinthu zitatu: kuti zotsatira zidzauzidwa kwa antchito onse pasanathe masabata 6, kuti palibe amene adzafufuzidwe chifukwa cha yankho lake, ndi kuti zinthu ziwiri kapena zitatu zidzasinthidwa. Akakana kulemba, imani pomwepo. Kufunsa anthu kenaka n'kukhala chete n'koipa kuposa kusafunsa, chifukwa ulendo wotsatira sadzayankhanso.

Sankhani kagulu ka anthu 5 mpaka 8 koyendetsa ntchitoyi. Mukhale nthumwi ya antchito, munthu wa pa shifiti ya usiku ngati ilipo, ndi mmodzi amene ali ndi mphamvu yovomereza ndalama.

2. Yang'anani zimene muli nazo kale m'mabuku

Tengani za miyezi 12 yapitayi, nthambi iliyonse payokha: masiku ojomba, maola a ovataimu, masiku a tchuthi amene sanatengedwe, anthu amene asiya ntchito, ngozi ndi zolakwika. Lembani anthu angati amapyola maola 55 pa sabata. Malire amenewa ali ndi chifukwa: mu 2021 WHO ndi ILO, bungwe loona za ntchito pa dziko lonse, anapeza kuti ogwira maola 55 kapena kuposa amakhala ndi chiopsezo cha sitiroko chokwera ndi 35 peresenti, ndipo cha kufa ndi matenda a mtima chokwera ndi 17 peresenti, poyerekeza ndi ogwira maola 35 mpaka 40. Anawerengera kuti mu 2016 mokha anthu 745,000 anafa chifukwa cha zimenezi.

Kujomba kukakhala kochepa musafulumire kusangalala. Kumene anthu amaopa kuchotsedwa ntchito, amabwera ngakhale akudwala.

3. Dziwani chimene mukufunafuna

Ambiri amangofunsa kuti ntchito ndi yochuluka kapena ayi. Limenelo ndi theka la nkhani. Mu 1979 katswiri wofufuza za ntchito, Robert Karasek, anasonyeza kuti chimene chimavulaza kwambiri ndi ntchito yochuluka ikakumana ndi kusowa ufulu wosankha mmene uigwirire. Dokotala wochita opaleshoni ali ndi ntchito yolemera, koma amasankha zambiri yekha. Woyankha mafoni a makasitomala amapatsidwa mawu oti anene, mphindi zoti athere pa foni iliyonse, ngakhale nthawi yopita kokadzithandiza. Wachiwiriyu ndi amene amaphwanyika msanga.

Kafukufuku wa Whitehall II, amene Michael Marmot anayambitsa mu 1985 pa antchito a boma 10,308 ku London, anatsimikiza zimenezi. Anthu ambiri ankaganiza kuti mtima umavuta akuluakulu chifukwa cha udindo, koma anapeza kuti a m'maudindo apansi ndi amene ankadwala mtima kwambiri, ndipo kusowa ufulu pa ntchito kunali chimodzi mwa zifukwa zikuluzikulu. Mu 2012 Mika Kivimäki ndi anzake anaphatikiza kafukufuku wa anthu 197,473 a ku Ulaya n'kupeza kuti ntchito yochuluka yopanda ufulu wosankha imakweza chiopsezo cha matenda a mtima ndi pafupifupi 23 peresenti. Sikukwera koopsa ngati kwa fodya, koma n'kwenikweni.

Johannes Siegrist, mu 1996, anawonjezera mbali ina: kusalingana kwa khama ndi mphoto. Mphoto si malipiro okha. Ndi ulemu, mwayi wokwezedwa, ndi kudziwa kuti ntchito idzakhalapo mawa. Munthu amapirira zambiri akaona kuti khama lake likuwerengedwa.

Njira yosavuta yosungira zonsezi m'mutu ndi mbali 6 zimene bungwe la boma la Britain loona za chitetezo pa ntchito, HSE, linakhazikitsa mu 2004: kuchuluka kwa ntchito, ufulu wosankha, thandizo lochokera kwa bwana ndi anzako, ubale pakati pa anthu, kumveka bwino kwa udindo wa aliyense, ndi mmene kusintha kwa zinthu kumayendetsedwera.

4. Gwiritsani ntchito mafunso oyesedwa kale

Musalembe anuanu. Funso looneka labwino ngati "Kodi mumasangalala ndi bwana wanu komanso malipiro anu?" lili ndi mafunso awiri m'kati, ndipo yankho lake simudzadziwa kuti likunena liti.

Pofufuza ntchitoyo, tengani mafunso 35 a HSE, amene amafunsa za miyezi 6 yapitayi ndipo ndi aulere, kapena fomu ina yotchedwa COPSOQ ya ku Denmark ngati mukufuna kulowa mozama. Pofuna kudziwa mmene anthu akumvera, onjezani fomu ya WHO yotchedwa WHO-5. Ili ndi ziganizo 5 zokha zokhudza masabata awiri apitawa, chilichonse chimapatsidwa 0 mpaka 5, ndipo chiwerengero chonse chikachepera 13 pa 25 ndi chizindikiro choti munthu sali bwino. Palinso PSS, fomu ya Sheldon Cohen yoyezera kupanikizika, ya mafunso 10. Mukaisankha kumbukirani kuti mafunso anayi (4, 5, 7 ndi 8) amawerengedwa mobwerera, ndipo kuiwala zimenezi kumasokoneza zotsatira zonse. Mafunso a Maslach oyezera kutoperatu ndi olipira, ndipo sanapangidwe kuti muzilozera munthu mmodzi kuti akudwala.

Fomu yonse isapyole mphindi 15. Ngati mukumasulira mafunso m'chinenero china, munthu mmodzi amasulire, wina amene sanaone oyambirira abweze ku chinenero choyamba, kenaka yerekezani. Mukatero yesani pa antchito 5 kapena kuposa, aliyense anene m'mawu ake chimene funso likufunsa.

5. Tetezani chinsinsi mozama kuposa kungochotsa dzina

Fomu yopanda dzina imene imafunsa zaka, nthambi, udindo ndi ngati munthu ndi mwamuna kapena mkazi yaulula kale munthu. M'nthambi ya anthu 12, mayi mmodzi wa zaka zoposa 50 aliyense akumudziwa. Funsani nthambi yokha, mwina ndi shifiti, ndipo musatulutse zotsatira za gulu lililonse limene oyankha sanakwane 10. Magulu ang'onoang'ono aphatikizeni.

Anthu ayankhe mu nthawi ya ntchito, osati pa nthawi yawo yopuma. Mafomu asadutse m'manja mwa kapitawo. Amene amavutika kuwerenga awerengeredwe ndi munthu wakunja. Perekani masabata awiri, ndipo pewani sabata yotseka mabuku kapena yotsatira chilengezo cha kuchepetsa antchito. Oyankha akapanda kufika theka, zotsatira muzitenge mosamala, chifukwa otopa kwambiri ndi amene nthawi zambiri sapeza mpata woyankha.

6. Werengani nthambi ndi nthambi

Avereji ya bungwe lonse imabisa zambiri. Nthambi zinayi zili bwino, imodzi ikupsa, avereji n'kunena kuti zonse zili pakatikati. Pa funso lililonse onani anthu angati ayankha mbali yoipa. Pa nkhani ya nkhanza kapena kunyozedwa, ngakhale anthu awiri okha ndi ambiri.

Chenjeraninso ndi nthambi imene zonse zaoneka zokoma. Amy Edmondson, pofufuza magulu a anamwino m'zipatala za ku America m'zaka za m'ma 1990, anadabwa kupeza kuti magulu otsogoleredwa bwino ndi amene ankalemba zolakwika zambiri. Sikuti ankalakwitsa kwambiri, koma sankaopa kunena. Nthambi yodandaula ikhoza kukhala yathanzi kuposa imene ili zii.

Pomaliza, fomu yodzazidwa tsiku limodzi siingatsimikize chimene chinayambitsa chinzake. Munthu wotopa amaona chilichonse choipa. Manambala akuuzani koyang'ana, sakuuzani chokonza.

7. Bwererani kwa antchito, musandutse nambala kukhala chinthu chogwirika

Apa ndi pamene ambiri amathawa. Lipoti limalembedwa, limakambidwa pa msonkhano wa akuluakulu, n'kulowa mu kabati. Koma nambala yakuti "ufulu wosankha: 2.4 pa 5" palibe amene angaikonze. Amene akudziwa chimene chili kuseri kwa 2.4 ndi amene amagwira ntchitoyo.

Yambani ndi kuuza antchito onse zotsatira, zabwino ndi zoipa zomwe, pa tsamba limodzi. Kenaka itanani magulu a anthu 6 mpaka 10 a msinkhu umodzi wa udindo, kwa ola limodzi ndi theka. Bwana wawo asakhalemo, ngakhale akhale wokoma mtima chotani. Wotsogolera zokambirana akhale wa nthambi ina kapena wakunja, ndipo alembe mfundo popanda mayina, pa bolodi pamene aliyense akuona.

Musafunse kuti "Vuto n'chiyani?" Mudzamva mawu awiri okha, malipiro ndi kuchepa kwa anthu, zokambirana n'kuthera pomwepo. Funsani chonchi: "Tsiku lomaliza limene munaweruka mutu uli waukulu, chinachitika n'chiyani? Inali nthawi yanji? Ndani ankadikira chiyani?" Pakakhala chete, dikirani. Chete wa mphindi imodzi amaoneka wautali, koma woyamba akalankhula ena amatsatira.

Tiyerekeze kuti nthambi yosungira katundu yatsika pa ufulu wosankha. M'kukambirana mumva kuti ndandanda ya mashifiti imamatidwa pa khoma Lachisanu pa 4 koloko madzulo, yoyamba Lolemba m'mawa. Mayi amene wapatsidwa usiku ali ndi masiku awiri opezera womusungira mwana. Akafuna kusinthana ndi mnzake, fomu iyenera kusainidwa ndi kapitawo amene Loweruka sabwera. Vuto lapezeka, ndipo kulikonza sikufuna ndalama: ndandanda ituluke masabata awiri isanayambe, ndipo anthu awiri ogwirizana asinthane okha n'kungodziwitsa.

Kapena kalaliki wa maakaunti amene amalandira malamulo kwa mabwana awiri. Aliyense akuti yake ndiyo yachangu, ndipo iye akasankha imodzi amakalipidwa ndi winayo. Pa fomu zinaoneka ngati ntchito yochuluka, pamene kwenikweni ndi udindo wosamveka. Mukanalemba kalaliki wachiwiri, mukanangokhala ndi anthu awiri okokedwa uku ndi uku.

Gulu lisanabalalike, gawani mfundo patatu: zimene zingasinthe mwezi uno, zofuna ndalama kapena chilolezo cha akuluakulu, ndi zimene sizingasinthe pakadali pano. Gawo lachitatuli musalibise. Anthu amalandira "ayi" wokhala ndi chifukwa. Chimene salandira ndi kusayankhidwa.

Chovuta koposa ndi pamene zala zonse zikuloza bwana mmodzi. Muuzeni payekha, msonkhano wa onse usanachitike. Munthu wochititsidwa manyazi pagulu amabwezera kwa omwe ali pansi pake. Funso lake loyamba lidzakhala lakuti "Wanena ndani?" Yankho ndi limodzi, lakuti zimenezo sizikambidwa, ndipo mumuuze momveka kuti kusakasaka amene analankhula ndi mlandu wokha. Kambani zochita, osati khalidwe. "Ndinu ankhanza" palibe chimene angachite nacho. "Mumadzudzula anthu pamaso pa anzawo" ndi "mumasintha malangizo osauza aliyense" ndi zinthu zimene angasiye. Funsaninso za iye mwini, chifukwa mabwana apakati nthawi zambiri amapanikizidwa kuchokera kumwamba ndi pansi, ndipo ambiri anakwezedwa chifukwa chodziwa ntchito ya manja, osaphunzitsidwa kutsogolera anthu. N'chifukwa chake malangizo a WHO a 2022 okhudza umoyo wa maganizo pa ntchito amalimbikitsa kuphunzitsa mabwana. Koma ngati zatuluka ndi nkhanza zenizeni, kuopseza kapena kufuna anthu zachisembwere, imeneyo si nkhani ya maphunziro. Ipite m'njira ya madandaulo ndi chilango, ndipo wodandaula atetezedwe.

8. Sinthani ntchito poyamba, zinthu ziwiri kapena zitatu zokha

Mndandanda wa zinthu 20 umafa wonse. Sankhani zochepa, chimodzi chikhale choti anthu achione pasanathe mwezi. Pa chilichonse lembani dzina la mwini wake, tsiku lomaliza, ndi chizindikiro choti chachitika.

Mudzakopeka kusankha maphunziro a kupirira kapena pulogalamu ya pa foni yothandiza kupumula, chifukwa sizikhumudwitsa aliyense. Mu 2024 William Fleming wa ku yunivesite ya Oxford anaunika mayankho a antchito oposa 46,000 m'mabungwe 233 a ku Britain, ndipo anapeza kuti olowa m'mapulogalamu otere sanali bwino kuposa osalowa. Yerekezani ndi zimene Phyllis Moen ndi Erin Kelly anayesa m'nthambi ya makompyuta ya kampani ina yaikulu ku America. Magulu ena, osankhidwa mwamaere, anapatsidwa ufulu wosankha nthawi ndi malo ogwirira ntchito, ndipo mabwana awo anaphunzitsidwa kuweruza ndi zotsatira m'malo mwa maola okhala pa mpando. Patatha chaka, kutoperatu ndi kupanikizika zinatsika m'magulu amenewo. Uphungu wa munthu payekha uli ndi malo ake, koma ubwere pamwamba pa kukonza ntchito, osati m'malo mwake.

Chimodzi chimene chimathandiza pafupifupi kulikonse ndi kuteteza nthawi yoweruka. Sabine Sonnentag wasonyeza m'kafukufuku wambiri kuti thupi limachira pamene maganizo achokeratu pa ntchito, osati pamene munthu wangochoka pa ofesi. Uthenga umodzi wa bwana pa WhatsApp 9 koloko usiku, ngakhale ukhale wakuti "tidzakambirana mawa", umabwezera munthu ku ntchito mpaka tulo kusowa. France inafika poika lamulo mu 2017 lokakamiza makampani a antchito 50 kapena kuposa kukambirana za ufulu wosayankha mauthenga munthu akaweruka. Inu simufunika kudikira lamulo. Gwirizanani ola limene mauthenga amasiya, tchulani zinthu zochepa zimene ndi zadzidzidzi zenizeni, ndipo zimenezo zikhale za kuimba foni kwa amene ali pa ndandanda ya tsikulo.

9. Musaiwale munthu amene wafika kale pothera

Kukonza ntchito kumatenga miyezi, ndipo ena sangadikire. Yang'anani kusintha: wachangu wayamba kuchedwa, wochezeka wayamba kudzipatula, wosamala akulakwitsa zinthu zazing'ono, wina akupsa mtima msanga kapena wayamba kumwa kwambiri. Muitaneni pa malo a awiri. Nenani chimene mwaona, osati chimene mukuganiza kuti akudwala: "Ndaona kuti masabata atatu ano mukuweruka usiku ndipo simukulankhula monga kale. Zikuyenda bwanji?" Mverani kwambiri kuposa kulankhula, kenaka funsani chimene chingachotsedwe pa ntchito yake sabata ino. Ngati kusowa tulo, kulira kapena kutaya mtima zapitirira masabata awiri, mulimbikitseni kuonana ndi achipatala. Akatchula zofuna kudzipha, musamusiye yekha ndipo thandizo lipezeke tsiku lomwelo. Kumufunsa mosabisa ngati akuganiza zodzipha sikumupatsa maganizowo; nthawi zambiri kumamupeputsa.

10. Yezaninso patatha miyezi 12

Mafunso akhale omwewo, mwezi womwewo, njira yomweyo. Mukasintha mawu a funso limodzi, simungaliyerekezenso ndi la chaka chatha. Pakati pa chaka, miyezi itatu iliyonse, kagulu kaja kauze antchito zimene zachitika ndi zimene zachedwa.

Powerenga zotsatira zachiwiri pali misampha iwiri. Woyamba: nthambi imene inali pansi kwambiri nthawi zambiri imakwerako yokha ngakhale musachite kanthu, chifukwa mwina munaiyeza pa nyengo yake yoipitsitsa. Kuti mudziwe ngati kusintha kwanu ndiko kwathandiza, yerekezani ndi nthambi yofanana nayo imene simunasinthe kalikonse. Wachiwiri: manambala akhoza kukwera chifukwa ovutika kwambiri anasiya ntchito, n'kutsala olimba ndi atsopano. Choncho pambali pa zotsatira za nthambi iliyonse lembani anthu angati achoka m'chakacho, ndipo amene akuchoka afunsidwe chifukwa chake ndi munthu amene sanali bwana wawo, makamaka patapita masabata angapo atalandira kale kalata yawo ya umboni wa ntchito.